Mpingo umene walandira envulopu sungadzudzule mfumu

Lamulungu pa 8 Malichi 1992, ansembe m'matchalitchi a Katolika dziko lonse anawerenga kalata ya maepiskopi. Inatchula poyera zimene aliyense ankangonong'ona kuseri kwa nkhokwe: malipiro a antchito ndi ochepa, zipatala ndi masukulu nzothithikana, anthu akutsekeredwa osazengedwa mlandu. Boma linati kalatayo njoukira, kupezeka nayo kunasanduka mlandu, malo osindikizira a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake analibe mfuti ngakhale chipani, komabe pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri pa riferendamu. Timakonda kuyamikira kulimba mtima kwawo, koma sitifunsa kumene kunachokera. Ine ndikuti kunachokera m'chiphunzitso chimene mpingo uliwonse umalalikira, chakuti wosunga moyo wa munthu ndi Mulungu wokhulupirika, ndipo chipulumutso amapereka ulere.

Chiphunzitsochi chimafika mpaka pabwalo la ndale. M'Baibulo Mulungu amasunga pangano lake mafumu akamagwa, ngakhale pamene Yerusalemu anapasulidwa ndi Ababulo, motero kukhulupirika kwake sikunakolowekedwe pampando wa wolamulira aliyense. Nkhani ya chisomo inagawanitsa Akhristu zaka mazana, koma mu 1999 ku Augsburg Akatolika ndi a Lutheran anasainirana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, osati chifukwa cha kuyenera kwake. Munthu wokhulupiriradi zimenezi alibe ngongole ya moyo kwa mfumu. Nchifukwa chake Natani anatha kulowa kwa Davide n'kumuloza chala pa imfa ya Uriya. Akadaona kuti mawa lake lili m'manja mwa Davide, bwenzi atangowomba m'manja.

Lero sikawirikawiri mbusa kuopsezedwa ndi ndende ya Mikuyu. Chimene chikutseka pakamwa pa mpingo ndi envulopu. Zisankho zikayandikira, galimoto zazitali zimaima pakhomo pa tchalitchi, mlendo wolemekezeka amamusesera mpando wakutsogolo, ulaliki umafupikitsidwa kuti iye apatsidwe maikolofoni, ndipo akalonjeza malata ndi matumba a simenti amayi amaliza nthungululu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, koma mphatso ikadzera paguwa timaitcha chopereka. Sabata yotsatira mankhwala akasowa kuchipatala cha m'deralo, mbusa uja amalalikira za chigumula cha Nowa. Munthu amene ali ndi mbamu m'kamwa saimba mluzu. Choipirapo ndi aneneri amene amalengeza kuti wakutiwakuti ndiye wodzozedwa: amatenga dzina la Mulungu wosanama n'kulimata pa lonjezo la kampeni, ndipo lonjezo likafa mbiri ya Mulunguyo imadetsedwa pakati pa anthu osauka omwe anakhulupirira.

Ena adzati tchalitchi chikudontha, abusa akumudzi amalandira zochepa, nanga akane bwanji thandizo? Vutoli ndi lenileni, ndipo amene sanapempherepo pansi pa denga laudzu mu Januwale asalipeputse. Koma wandale naye ndi Mkhristu ngati ena onse. Aponye m'mbale nthawi ya chopereka, popanda makamera ndi maikolofoni. Amene angakane kupereka mwa njira imeneyo waulula yekha chimene amafuna kugula.

Enanso adzati bwanji mpingo ungosiyiratu ndale, usamale mizimu, za Kaisara zikhale za Kaisara. Mawu amenewa sachedwa kutuluka pakamwa pa amene ali pampando, ndipo amawaiwala akakhala otsutsa. Chipulumutso chachikulu cha m'Chipangano Chakale chinali cha akapolo oumba njerwa kwa Farao, anthu okhala ndi misana yopweteka, ndipo Yohane Mbatizi anadulidwa mutu chifukwa chodzudzula Herode. Mipingo ikadatsata malangizo okhala chete, ndani akadaima pamodzi ndi anthu mu 2002 pamene bilu yochotsa malire a nthawi ya pulezidenti inabwera kunyumba ya malamulo? Inakanika ndi mavoti ochepa kwambiri, mipingo itaikana poyera.

Mtsutso wovutirapo ndi wa anthu oona mtima amene amati mankhwala ndi kusankha atsogoleri oopa Mulungu. Ndimawamvetsa, koma mbiri sikuwavomereza. Dr Kamuzu Banda anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo ankakonda kukumbutsa anthu zimenezo pamene ndende zinali zodzaza. Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Patatha zaka khumi mipingo ya m'dzikomo inachita kulimbana naye kuti asaimenso kachitatu, ndipo mu 2007 khoti la ku London linamugamula kuti abweze ndalama za boma. Kuno kwathu, maepiskopi analemba kalata yowawa mu 2024 pamene mtsogoleri wa dziko anali mbusa amene kale ankatsogolera mpingo wa Assemblies of God, ndipo anachita bwino kusamuchitira manyazi chifukwa cha kolala. Chikhulupiriro cha mtsogoleri sitingachione ndi maso, koma tingaone ngati chimanga chafika kudepoti ya Admarc ndi ngati wapolisi akumanga wakuba wa chipani cholamula. Izi nzimene mpingo uyenera kufunsa boma lililonse, ndipo ungazifunse pokhapokha ngati denga la tchalitchi chake linakhomedwa ndi ndalama za m'mbale.