Woweruza sadanene kuti akafere komweko

Dzina la Thambani likatchulidwa pa wailesi, anthu ambiri saganiza za nkhalango yathu kapena za manachesi a ku Mwanza. Amaganiza za amuna anayi: Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Mu Meyi 1983 apolisi adawagwira ku Zomba, adawagoneka kundende ya Mikuyu, kenaka adabwera nawo kuno n'kudzawapha. Mtundu wonse udauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto, eni ake akuthawira ku Mozambique. Padafunika kuti boma lisinthe kaye, mu 1994, kuti bungwe lofufuza la Justice Mtegha likhale pansi ndi kunena poyera kuti ngozi padalibe. Kamuzu Banda ndi John Tembo adaimbidwa mlandu, khoti lidawapeza osalakwa mu Disembala 1995, koma bodza la ngozi lija silidadzukenso.

Anayiwo adafera m'manja mwa boma, ndipo lero maina awo mwana aliyense wa sukulu amawamva. Ine nkhawa yanga ili pa anthu ena amene akuferabe m'manja momwemo, chaka ndi chaka, popanda wowamenya kapena wowaponya m'phompho. Amafa ndi chifuwa, ndi m'mimba, ndi njala, chitseko chili chokhoma. Alibe chipilala, ndipo nthawi zambiri ngakhale abale awo sauzidwa chimene chawapha.

Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu adagwidwa ndi matumba a makala panjinga. Sindikuikira kumbuyo makala. Ndakalamba ndikuona mitengo ya m'nkhalango ya Thambani ikutha, ndipo pamene lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020 ndidali m'gulu la amene adati zakhala bwino. Mnyamatayo adalakwa. Khoti lidamutchulira chindapusa chimene banja lake silikadachipeza ngakhale atagulitsa mbuzi zonse za m'khola, choncho adakalowa. Dzina la ndendeyo ndilisunga, chifukwa zimene adaonako akadaziona kulikonse.

Atatuluka adabwera wina. Miyendo idali yotupa, khungu lonse mphere, akutsokomola ngati nkhalamba. Adatifotokozera za shamba. Amene sadalowemo sadziwa kuti m'zipinda zambiri malo ogona chotambalala ndi a anthu ochepa, a m'mbali mwa khoma, amene akhalitsa kapena amene ali ndi kanthu kopatsa nyapala. Otsalawo amakhala pakati, pa shamba, chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu pamsana pa wapatsogolo, kuyambira madzulo dzuwa lisadalowe mpaka m'mawa. Wina akatsokomola, mpweya womwewo ndi umene onse akupuma. Chakudya chimabwera kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba. Mayi ake ankayesetsa kukamuona ndi kaufa ndi kansomba, koma ulendo wochokera kuno ndi ndalama, ndipo m'dzinja adalephera.

Sadakhalitse pamudzi. Tidamuika m'manda athu omwewa, mvula isadagwe. M'mabuku a ndende iyeyo ndi munthu amene adamaliza chilango chake n'kutuluka wamoyo. Palibe pamene padalembedwa kuti chifuwa chimene chidamutenga adachitola pa shamba. Nthawi zonse ndikamva nduna ikuwerenga chiwerengero cha akaidi, ndimakumbukira kuti pali ena otere amene saonekera m'chiwerengero chilichonse, oti ndende idangowatula pamudzi kuti maliro akhale a abale.

Zonsezi boma likuzidziwa, ndipo lidauzidwa ndi makhoti ake omwe. Mkaidi wina, Gable Masangano, adasumira boma m'malo mwa akaidi onse a m'dziko muno, ndipo mu Novembala 2009 majaji a khoti loona za malamulo aakulu adagamula kuti kuthithikana ndi kusowa kwa mpweya m'zipinda za ndende ndi nkhanza komanso kunyoza umunthu. Boma lidati lilibe ndalama. Majaji adakana chifukwa chimenecho, ndipo adalipatsa miyezi 18 kuti lichepetse kudzaza kwa ndende ndi theka. Mwana amene adabadwa chaka chimenecho pano ndi wa ku sekondale, koma ndende zathu zikusungabe anthu ochuluka kuposa kawiri chiwerengero chimene zidamangidwira. Ndende yaikulu ya ku Zomba idamangidwa mu 1935 kuti izisunga anthu mazana angapo chabe. Kwa zaka zambiri tsopano yakhala ikusunga oposa 2,000. Ndi momwemo mmene Orton Chirwa adafera mu Okutobala 1992, ndipo makoma ndi mazenera ake ndi omwe aja.

Mu Okutobala 2022 zidafika poti akaidi ku Zomba ndi kundende zina ankagona ndi njala masiku otsatizana, chifukwa ogulitsa chimanga adasiya kupereka. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la CHREAA lidakuwa, nyuzipepala zidalemba, mipingo idathamangira ndi matumba a ufa. Zikomo kwa mipingo. Koma taganizani munthu amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo kapena a chifuwa chachikulu m'mimba mulibe kanthu kwa masiku atatu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likunena mosabisa kuti munthu womangidwa asungidwe mwaulemu, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, ndipo wolipira ndi boma. Silikunena kuti chakudyacho chizidikira chifundo cha amvano.

Ndikudziwa zimene anzanga pamsika wa Thambani angandiyankhe, chifukwa adandiyankha kale. Amati kundende si kuhotela, adaziyamba dala. Amati ife amene sitidabe kanthu tikudya kamodzi patsiku, nanga wakuba adye katatu chifukwa chiyani? Mawu amenewa sindiwanyoza. Amene adaberedwapo ng'ombe usiku, kapena mayi amene mwana wake adagwiriridwa, ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo anthu oopsa alipo amene ayenera kukhala kutali ndi ife. Koma njala yathu ndi ya mkaidi ndi zosiyana. Ine ufa ukatha ndimakagwira ganyu, ndimakumba chinangwa, ndimaphika mango aawisi, ndimapita kwa mlongo wanga kukapempha. Mkaidi njira zonsezo boma lidamutsekera. Ukamanga mbuzi pachingwe, udzu ndi madzi zasanduka udindo wako, ndipo ikafa sunganene kuti idalephera kudzisamala.

Komanso woweruza akanena kuti miyezi 18, watanthauza miyezi 18. Sadanene kuti miyezi 18 ndi chifuwa chachikulu pamwamba. Dziko lino silidanyongepo munthu kuyambira 1992, ndipo ngakhale wopha mnzake, kuchokera pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, sangolamulidwa kuphedwa popanda khoti kumva mbali yake. Ndiye zikutheka bwanji kuti wa makala, wa nkhuku, wa ndewu ya pamowa alandire chilango chimene ngakhale wopha munthu sakulandira?

Ndipo si onse amene ali m'katimo adapezeka olakwa. Ambiri ali pa limandi, akudikira tsiku la mlandu. Malamulo amati womangidwa aonekere kukhoti pasadathe maola 48, ndipo kuyambira 2010 adaikanso malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usadayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga ya kupha, pokhapokha khoti litaonjezera. Amene adapitako kukacheza kundende akudziwa kuti alipo amene akhala zaka, fayilo idasowa, mboni idasamuka, wapolisi wofufuza adasinthidwa malo. Ena belo adapatsidwa koma ndalama yake palibe, kapena achibale oti awaimire sadziwa n'komwe kuti munthu wawo ali kuti. A PASI, amene akhala akulowa m'ndende kuyambira 2000 kuthandiza akaidi kumvetsa milandu yawo, atulutsa anthu ambiri otere kudzera m'makhoti okakhalira kundende komweko. Ntchito yabwino, koma akutunga madzi pamene mpopi uli chitsegukire, chifukwa makhoti akutumizabe anthu a milandu ing'onoing'ono kundende pamene chilango chogwira ntchito zothandiza m'dera chilipo m'malamulo athu. Mnyamata wa m'mudzi mwathu uja akadatha kudzala mitengo m'nkhalango imene adaiononga, akugona kwawo, akudya za mayi ake, boma osaonongapo ngakhale mbale imodzi ya nandolo.

Pali china chimene amene amati zawo zimenezo amaiwala. Chifuwa cha m'ndende sichikhala m'ndende. Msilikali wa ndende amapuma mpweya womwewo masana, madzulo amakanyamula mwana wake. Mkaidi akatuluka amakwera minibasi yomwe timakwera ife, amagona m'nyumba imodzi ndi ana ndi agogo. Kuno kwathu mayi ake a mnyamata uja adayenda ulendo wa kuchipatala miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pa maliro.

Mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la ndende, m'malo mwa la atsamunda la 1956. Zidatenga nthawi yochititsa manyazi, komabe zidachitika. Mwa zina, lamuloli likutsegula njira yoti mkaidi wa khalidwe labwino atuluke nthawi yake isadakwane, akamalizire chilango ali kwawo akuyang'aniridwa. Kale chiyembekezo chidali kuchotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango, kapena kuti dzina lako likhale pa mndandanda wa amene mtsogoleri wa dziko wawakhululukira pa 6 Julaye kapena pa Khirisimasi. Ndikulilandira lamuloli ndi manja awiri. Koma chigamulo cha Masangano nachonso chidali pepala labwino, choncho ndifunsa ngati munthu wa kumudzi.

Wotulutsidwayo akafika kuno ku Thambani, amuyang'anira ndani, ndipo adzabwera pa chiyani? Ngati adzafunika kumakaonekera ku Mwanza boma kawirikawiri, ndalama yoyendera aipeza kuti munthu amene wabwera chimanjamanja, munda udalandidwa, mkazi adakwatiwa kwina? Akalephera ulendo umodzi, abwezedwa ku shamba? Nanga amene adayamba mankhwala ali m'kati, atuluka ndi kalata yoti akapitirize pa chipatala chathu chaching'onochi, kapena angopatsidwa zovala zake zakale n'kumulozera msewu? Masabata oyamba munthu atangotuluka ndi oopsa kwambiri. Thupi lafooka, mudzi ukumuyang'ana ndi diso la kumbali, nkhuku ikangosowa aliyense akudziwa kale wakuba, ndipo masiku ano anthu sachedwa kutola miyala ndi petulo. A Prison Fellowship ali ndi nyumba ku Balaka yophunzitsirako ntchito zamanja anthu otuluka m'ndende, koma nyumba imodzi singalandire dziko lonse. Mafumu athu ndi akuluakulu a mipingo ayenera kuuzidwa munthu asadafike, akhale pansi ndi banja lolakwiridwa, nkhani ithe pabwalo. Zimenezi sizifuna ndalama za mayiko akunja.

Chimene ndikupempha kwambiri ndi chotchipa kuposa kumanga ndende yatsopano. Munthu akafera m'manja mwa boma, kaya m'chitokosi cha apolisi kaya m'ndende, pakhale kufufuza kwa khoti monga malamulo athu amanenera, ndipo zotsatira zake ziperekedwe kwa abale ndi kwa mtundu. Evison Matafale atafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 dziko lidagwedezeka chifukwa adali woimba wodziwika. Buleya Lule atafera m'chitokosi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019 bungwe loona za ufulu wa anthu lidafufuza chifukwa mlandu wake udali pakamwa pa aliyense. Wa makala akafa, abale amangolandira foni yoti bwerani mudzatenge mtembo, adadwala. Adadwala chiyani? Kuyambira liti? Adapita naye kuchipatala tsiku liti, kapena galimoto idalibe mafuta? Sabata imeneyo adadya kangati? Mayi wosauka amaopa kufunsa munthu wa yunifolomu mafunso amenewa. Amalira, amabwereka ndalama ya bokosi, nkhani yathera pomwepo. Imfa yosafufuzidwa simuvutitsa aliyense wa udindo, n'chifukwa chake yotsatira imabwera mofanana.

Malamulo aakulu adakhazikitsa bungwe loyendera ndende, lotsogozedwa ndi jaji, ndipo malipoti ake amapita ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu athu a ku Mwanza amawawerenga? Ndikadakonda mmodzi wa iwo, pa nthawi ya mafunso, aimirire afunse nduna yoona za chitetezo cha m'dziko kuti chaka chathachi m'ndende iliyonse mudafa anthu angati, ndani maina awo, angati mwa iwo adali pa limandi, ndipo ndi imfa zingati zimene khoti lidafufuza. Afunsenso ngati pali amene amalondola akaidi otuluka akudwala kuti aone ngati adafika kuchipatala. Yankho lake lilembedwe, lisindikizidwe, ndipo chaka chamawa afunsenso.