Oats si mankhwala, tileke kunyoza phala la mgaiwa

Muno mu Kafue mwabwera fashoni. Mwana akangoyamba kudya, mayi wachitsikana athamangira kushopu kukagula paketi ya oats, ajambula, aika pa WhatsApp. Mnzake wa ku Zambia Compound amene aphika phala la mgaiwa amva manyazi monga walakwira mwana. Ife tikuti manyazi amenewa athe.

Sitikukamba kuti oats ni yoipa. Ikapsa bwino mpaka kufewa, mwana angadye. Koma oats ni mbewu chabe monga chimanga. Mukaiphika na madzi okha, mimba idzala, koma thupi silipeza zonse zofunika. Ndipo mapaketi ena okometsera ali na shuga, imene khanda silifunikira.

Nkhani si yamasewera. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ni opinimbira. Vuto limeneli silingathe na paketi yokongola. Pa miyezi 6, ayironi imene mwana anabadwa nayo iyamba kuchepa, ndipo afunika kuipeza m'zakudya monga nsomba, nyama, mazira na nyemba.

Manje onani zimene tili nazo. Tikhala m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, nsomba tiziona tsiku lililonse. Pamsika pali kapenta, nshawa, chibwabwa na mazira. Sinjani kapenta, sefani, ikani supuni imodzi m'phala. Mawa ikani nshawa zosinja, mkuja dzira lopsa bwino. Phala likhale lolimbako, losayenderera pasupuni, chifukwa lamadzimadzi linamiza mimba.

Bungwe la WHO likuti miyezi 6 yoyamba mwana azingoyamwa, kenako ayambe kudya kawiri kapena katatu patsiku, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Choncho oats ya pa miyezi 4 ni kulakwitsa, olo ikhale yodula bwanji. Uchi nawonso udikire mpaka mwana akwanitse chaka.

Anyamata, na imwe nkhaniyi ikukhudzani. Ndalama ya paketi imodzi ingagule nshawa na mazira a masiku angapo. Ngati muli nayo ya oats, gulani, koma musaiwale kusakanizamo. Ngati mulibe, musakongole. Kusikelo sayeza paketi, ayeza mwana.