Apolisi, bwerani ku Biwi usiku, osati masana okha

Chizimalupsa chadutsa, mitambo yayamba kusonkhana kuchokera masana, ndipo Khirisimasi ili pafupi. Chaka chilichonse nthawi ngati ino timamva apolisi apamsewu akulengeza kuti akhwimitsa chitetezo, ndipo woyendetsa galimoto ataledzera aona zakuda. Mawuwo ndi abwino. Funso langa ndi lakuti: adzaima pati, ndipo nthawi yanji?

Tonse a ku Lilongwe timadziwa pomwe amaima. Pa M1, dzuwa lili phwee, akuyang'ana laisensi, inshuwalansi ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino. Zimenezo n'zofunika, sindikutsutsa. Koma woledzera sayenda nthawi imeneyo. Amatuluka m'malo omwera mowa Lachisanu kapena Loweruka cha m'ma 11 koloko usiku, kuchokera ku Bwandilo kulowera ku Area 25, kuchoka ku Biwi kupita ku Kawale kapena ku Area 23, kapena kutsata msewu wa ku Likuni wopita ku Chinsapo. Nthawi imeneyo msewu umakhala wopanda mwini.

Kafukufuku yemwe adachitika pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2019 adapeza kuti mwa anthu akuluakulu ovulala pangozi zapamsewu, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali atamwa mowa, ndipo chiwerengero chidali chokwera usiku komanso kumapeto kwa sabata. Oyenda pansi ndiwo adali patsogolo. Izi zikutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, vutoli lili ndi nthawi yake yodziwika. Chachiwiri, dalaivala wausiku m'makwalala athu akukumana ndi anthu amene nawonso akudzandira m'mphepete mwa msewu wopanda magetsi. Ngati pali munthu woyenera kukhala ndi mutu wabwinobwino pamenepo, ndi iye amene wagwira chiwongolero.

Tsono onjezerani mvula. Mvula yoyamba ikagwa pa phula lomwe lakhala miyezi yambiri likulandira fumbi ndi oilo wodontha m'magalimoto, msewu umaterera ngati therere. Mabuleki amagwira mochedwa, makamaka ngati matayala ndi akaunjika otha kale mano. Maenje amabisala m'madzi. Misewu yafumbi ya ku Mgona ndi ku Chinsapo imasanduka matope, ndipo oyenda pansi amathawira pakati pa msewu. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi yokha. Mowa ukachedwetsa phazi lako ndi sekondi imodziyo, mayi wogulitsa chimanga chootcha uja wamufika kale.

Malamulo athu amalola mowa wosapitirira magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi. Bungwe la WHO limalimbikitsa 0.05, ndipo kwa madalaivala achinyamata ndi ongoyamba kumene, 0.02. Ndiye kuti malire athu ndi omasuka kale. Komabe ngakhale malire omasukawo ndi mawu a papepala chabe ngati wapolisi alibe kachipangizo kopumiramo koyezera mowa. Kununkhiza pakamwa si umboni. Kumangotsegula khomo la mkangano, ndipo mkangano wapamsewu tonse tikudziwa momwe umathera: "Bwana, tingomvana."

Apa mpamene pagona nkhani. Munthu saopa chilango chachikulu chomwe akudziwa kuti sichimupeza. Amaopa kugwidwa. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, apolisi adayamba mu Disembala 1982 kuimitsa dalaivala aliyense, pena paliponse, nthawi iliyonse, n'kumupumitsa m'kachipangizo, ndipo ngozi zakupha zidatsika. Chinsinsi chake chidali chakuti palibe amene ankadziwa kuti lero aima pati. Ifenso tingathe, ngakhale ndi zida zochepa: usiku uno ku Kawale, mawa ku Nsungwi, mkuja ku Chigwirizano. Aliyense apume, kaya ali pa Sienta, pa Prado ya boma kapena pa njinga yamoto.

Za njinga yamotozi ndinene mosapsatira. Akabaza ndiwo amatifikitsa kunyumba minibasi zikatha, ndipo ambiri ndi anyamata anzathu ongofuna kudyetsa mabanja awo. Koma alipo ena amene amati kabotolo kamodzi kamachotsa kuzizira kwa mvula. Mowa wa m'masacheti udaletsedwa, koma udangosamukira m'timabotolo totsika mtengo. Ukakwera njinga ya munthu wotero, wopanda chipewa choteteza mutu, pamsewu wonyowa, wapereka moyo wako kwa kabotoloko.

Ife achinyamata tilinso ndi mlandu wathu. M'magulu a pa WhatsApp uthenga wakuti "apolisi ali pa Biwi, zungulirani" umathamanga kuposa wa maliro. Wotumizayo amadziona ngati mnzathu weniweni. Koma wangothandiza munthu woledzera kusiya msewu waukulu n'kulowa m'tinjira ta m'mudzi, momwe muli ana ndi agogo athu. Mnzako weniweni ndi amene amalanda makiyi, n'kuitana takisi kapena kukugoneka pampando kwawo. Ndipo musanamizidwe: khofi, kusamba madzi ozizira kapena kang'ombe kootcha sizichotsa mowa m'magazi. Chiwindi chimagwira ntchito pa liwiro lake, moti womwa mpaka 3 koloko m'bandakucha akhoza kukhala adakali woledzera pomwe akunyamula ana a sukulu m'mawa.

Pempho langa kwa apolisi ndi a DRTSS ndi losavuta. Pofika Januwale musangotiuza kuti ngozi zidachitika zingati. Mutiuze kuti mudayeza madalaivala angati, kumadera ati, nthawi yanji, ndipo angati adakafika kukhoti. Tikamva manambala amenewo, tidzadziwa kuti chenjezo la chaka chino silinali nyimbo ya chaka chatha.