Njinga ya Mlendo ndi Njinga ya Wamalasha pa Mseu Umodzi

Sabata yatha titatuluka m'chalichi, mnyamata wina wa m'kwaya amene amagwira nchito pa ofesi yogulitsa matikiti a ndeke m'tauni anationetsa kapepala konyezimira. Panali cithunzi ca azungu acikulire, ena a imvi ngati ife, ali pa njinga pakati pa mapiri a ku France, thukuta lili kamukamu. Anatiuza kuti anthuwo analipira kampani ndalama zambiri kuti iwatenge kukatsatira mpikisano wa njinga wa Tour de France. Mayi wina wa ku Kanyama, amene amuna ao amabwera ndi malasha pa njinga kudzera Mumbwa Road, anagwira pakamwa nati, "Kansi kuli anthu olipira kuti atope? Abwere kuno, atate a kunyumba awabwereke njinga yao mwaulere, ndi masaka atatu pambuyo!"

Tinaseka tonse. Koma pobwerera kunyumba nkhaniyi inakana kutuluka m'mutu mwathu, ndipo taona kuti ndi bwino tikambirane nanu, makamaka inu alimi amene njinga ndiyo ng'ombe yanu yaciwiri.

Tiyambe ndi cimene anthuwo amagula. Tour de France inayamba mu 1903, ndipo anaiyambitsa ndi eni nyuzipepala ina yochedwa L'Auto pofuna kuti pepala lao lizigulidwa. Masiku ano imacitika kwa masabata atatu caka ndi caka, nthawi zambiri mu July, m'zigawo 21, pa mtunda wofanana ndi kucoka muno mu Lusaka kupita ku Chipata ndi kubwerera pafupifupi katatu. Makampani a maulendo amasonkhanitsa anthu okonda njinga, amawapezera pogona, amawanyamulira zikwama pa basi, ndipo amawapatsa munthu wodziwa njira. M'mawa alendowo amachova okha pa mseu womwewo umene akatswiri adzadutsamo masana. Ambiri amalota phiri la Alpe d'Huez, limene lili ndi makona 21 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 14 okwera okhaokha. Akafika pamwamba amakhala pansi, amadya, nayembekezera. Poyamba pamadutsa magalimoto a amalonda akuponya zisoti ndi timphatso. Kenaka akatswiri aja amadutsa, ndipo munthu amene wayembekezera maola asanu amawaona kwa mphindi zowerengeka cabe. Akazi kapena amuna ao osachova amatsatira pa basi, nakumana nao madzulo.

Cimene cinatidabwitsa n'cakuti kuonerera pambali pa mseu n'kwaulere. Palibe geti ngati pa Heroes Stadium. Nanga ndalama zimalowera kuti? Zimalowa kwa mwini nyumba yogona alendo, kwa wophika, kwa wogulitsa buledi, kwa wokonza njinga, kwa woyendetsa basi. N'cifukwa cake matauni a ku France amacita kulipira okonza mpikisanowo kuti cigawo ciyambire kapena cithere kwao.

Wina anganene kuti izi ndi za kutali. Iyai, zinatidutsa kale pakhomo. Kuyambira 2003, kampani ina ya ku Canada yakhala ikukonza ulendo wochedwa Tour d'Afrique, umene unayamba ngati ulendo wa miyezi inai kucoka ku Cairo kukafika ku Cape Town. Kwa zaka zambiri ulendowu wakhala ukulowa m'dziko muno kucokera ku Lilongwe, kudzera ku Chipata, kutsika ndi Great East Road, kuoloka Luangwa Bridge, kupuma mu Lusaka, ndi kupitirira mpaka ku Livingstone. A ku Katete, Sinda ndi Petauke anawaonapo: amuna ndi akazi ovala makabudula othina, atapsa ndi dzuwa ngati nkhanu yowiritsa, ana akuwathamangira. Pambuyo pao pamabwera malole onyamula mahema, madzi ndi wophika wao. Sitikuwanena zoipa. Ndi anthu olimba mtima, ndipo bungwe lao linaperekako njinga kwa othandiza odwala m'maiko amene amadutsamo. Koma munthu wogona m'hema lake ndi kudya za m'poto wake amasiya zocepa m'mudzi. Nthoci ziwiri za pa Nyimba ndi botolo la zoziziritsa kukhosi sizilipirira mwana sukulu.

Palinso ena pakati pathu amene amati mpikisano wa njinga ndi masewera a azungu ndi anthu a ku Kabulonga. Awa timatsutsana nao. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala jezi ya katswiri wa mapiri mu Tour de France kwa masiku angapo. Pa 1 July 2024, mu mzinda wa Turin, mnzake Biniam Girmay anakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana cigawo ca mpikisanowu. Caka comweco anapambana zigawo zitatu natenganso jezi yobiriwira. Eritrea si dziko lolemera kuposa lathu. Ngakhale Chris Froome, amene anapambana Tour de France kanai pakati pa 2013 ndi 2017 pansi pa mbendera ya Britain, anabadwira ku Nairobi, ndipo amene anayamba kumphunzitsa ndi munthu wa ku Kenya, David Kinjah.

Koma phunziro lalikulu lili ku Rwanda. Kumeneko Tour du Rwanda inalowa pa ndandanda ya mipikisano ya maiko onse mu 2009, ndipo anthu amadzaza m'mbali mwa miseu ngati pa Nc'wala. Ena mwa akatswiri ao anayamba ngati anyamata onyamula anthu ndi katundu pa njinga, monga momwe amacitira a ku Chipata. Anawamangira malo ophunzirira ku Musanze. Ndipo mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za pamseu unacitikira ku Kigali, koyamba mu Africa, napambana Tadej Pogačar wa ku Slovenia pa mpikisano waukulu wa amuna. Alendo amene anali kupita ku mapiri a ku Europe anakwera ndeke kubwera ku Africa, nagona m'mahotela a ku Kigali sabata yathunthu. Kucokera 2009 kufika 2025 ndi zaka 16. Mwana wobadwa pamene anayamba anali asanamalize sekondale.

Tsono ife tilibe ciani? Miyendo tili nayo. Dzukani nthawi ya 4 koloko m'mawa muime pa Great East Road kufupi ndi Chelston, muone amuna ocokera kumbali ya Chongwe, masaka a malasha atasanjikizana kupitirira mutu, ena mabokosi a matimati, ena mitolo ya repu, onse akuthamangira misika ya m'tauni kusanace. Njinga ya katswiri wa Tour de France siloledwa kupepuka kuposa makilogalamu 6.8, ndipo ambiri amayesetsa kuti ikhale pafupi pomwepo. Njinga ya Buffalo imene alimi ambiri ali nayo imalemera kuposa makilogalamu 20 isananyamule kanthu, ndipo kaliyala yake anaipangira katundu wa makilogalamu 100. Tonse tidziwa kuti pali ena amene amapitirira pamenepo. Munthu wotere mutamcotsera masaka, mutampatsa njinga ya magiya ndi cakudya cokwanira, ndani angamgwire?

Mbiri nayo tili nayo. Acikulire mukumbukira njinga za Eagle zopangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata m'zaka za m'ma 1980. Ife amene tinayamba nchito yoyendera masiteshoni akumidzi nthawi imeneyo tinazidziwa bwino, pamodzi ndi mphira womangira tayala likaphulika kutali ndi mudzi. Mu 2006 bungwe la World Bicycle Relief linabwera m'dziko muno ndi njinga 23,000 za anthu odzipereka osamalira odwala matenda a Edzi m'makomo, ndipo amai ambiri a m'maparishi athu anaphunzira kuchova pa njinga zimenezo. Mu komboni iliyonse, ku George, ku Chawama, ku Mtendere, muli munthu pansi pa mtengo amene amawongola wilo ndi diso lokha, kumanga masipoko mmodzimmodzi mpaka itazungulira bwino.

Cimene tilibe ndi mseu. Pano tilankhule mosabisa. Caka catha tinakaona mkhristu mnzathu m'cipatala, bambo wa ana asanu amene amabweretsa ndiwo zamasamba m'tauni. Minibasi inamkankhira m'ngalande pamene inali kulimbirana wokwera ndi inzake, ndipo woyendetsa sanaime. Mwendo unathyoka pawiri. Miyezi inai anakhala pansi, njinga inapindika ngati waya, ndipo mwana wao wamkulu anasiya sukulu temu yathunthu kuti azithirira dimba. Amai a mumphakati anasonkha ufa ndi sopo, koma ufa subweza mwendo. Pamene tinali kutuluka m'wadimo anatiuza kuti akacira adzabwerera pa mseu womwewo, kaamba kakuti palibe wina.

Pa miseu yathu wa njinga amayesedwa ngati mbuzi yosokera. Wa galimoto amamuombera huta kuti atsikire m'fumbi, wa lole amamdutsa pafupi mpaka mphepo kumgwetsa. Mu 2019 boma linatulutsa ndondomeko yosamalira oyenda pansi ndi oyenda pa njinga, ndipo mau ake ndi abwino. M'zaka za 2020 ndi 2021 tinaona milatho ya pamwamba ikutsegulidwa pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, ndipo magalimoto anapumako. Koma pamene pali kanjira ka m'mbali, mumapeza minibasi yaimamo kapena munthu wayalamo salaula, ndipo kanjirako kamathera panjira popanda cenjezo. Dzinja likafika, ku Kanyama wa njinga sadziwa ngati pansi pa madziwo pali mseu kapena dzenje. Nafenso ochova tili ndi mlandu wathu, tisadziyeretse. Angati mwa ife ali ndi nyali kapena kagalasi kowala kumbuyo? Angati amachova mabuleki atatha, kudalira cidendene ca nsapato?

Kodi tingaitane bwanji mlendo kudzachova pa mseu umene mwana wathu timaopa kumtuma nayo njinga?

Maganizo athu ndi awa. Dziko lino liyenera kukhala ndi mpikisano waukulu wa masiku angapo umene anthu wamba angautsate ndi kuuyembekezera caka ciliconse, ndipo njira yake Mulungu anaikonza kale: kucoka ku Chipata kufika mu Lusaka, makilomita pafupifupi 570. Muli zigwa za Katete ndi Petauke za othamanga, muli mapiri a Kacholola ndi Manenekela a okwera, muli kutentha kwa Luangwa kumene kungasiyanitse amuna ndi anyamata. Mlendo amene walipira kuti aone mapiri a ku France sangadandaule ndi Manenekela. Ndipo kutsatira cinthu pagulu si cacilendo kwa ife. Mwezi wa February timacita hayala mabasi kupita ku Mtenguleni, mwezi wa August ku Mkaika ku Kulamba, ndipo tidziwa mmene amai ogulitsa nkhuku ndi munkoyo amapezerako ya feteleza.

Koma tikufuna kuti okonza amve zinthu zina mpikisano usanayambe. Pakhale cigawo ca njinga wamba zopanda magiya, kuti wamalasha wa ku Chongwe ndi wonyamula anthu wa ku Chipata apikisane pamaso pa anthu, ndipo mphotho yake ikhale yooneka, osati sikipa ndi botolo la madzi. Kumeneko ndiko kudzapezeka Girmay wathu. Alendo otsatira mpikisano agone m'nyumba za alendo za ku Nyimba ndi Petauke, adye nsima ya nsomba za pa Luangwa Bridge, ndipo owatsogolera akhale acinyamata athu ophunzitsidwa bwino, odziwa kumanga tayala ndi kufotokoza mbiri ya malo. Makopaletivu a alimi asayembekezere kuitanidwa. Apite okha kukanena kuti mazira, nthoci ndi nshawa za alendowo zidzacokera kwa iwo.

Pali cinthu cimodzi cimene sitidzacilola. Tamva kale acinyamata ena akunena kuti alendo angakonde kuzungulira m'makomboni pa njinga kuti aone mmene osauka amakhalira. Ngati mlendo abwera ku Kalingalinga kudzagula mpando kapena mphika wa maluwa kwa amisiri a m'mbali mwa Alick Nkhata Road, kapena ku Matero kudzadya nyama yowocha ndi kuceza ndi anthu, alandiridwe ndi manja awiri. Koma kuimitsa njinga pa ngalande ya ku Kanyama ndi kujambula mwana wa eni ake wopanda nsapato, makolo osapemphedwa, ndalama n'kulowa m'thumba la munthu wokhala kutali, zimenezo ai. Umphawi wathu si Victoria Falls.

Ku Matero kuli kamnyamata ka zaka 15 kamene timakaona Sabata iliyonse m'mamawa, magalimoto asanacuruke, kakuthamanga ndi njinga ya amalume ake kulowera ku Great North Road. Kanacotsa kaliyala ndi madigadi kuti njinga ipepuke, ndipo amalumewo sanakondwe nazo. Kanationetsa Girmay pa foni ya mnzake, dzina lake kakulichula bwino kuposa ife. Amai ake anatipempha kuti tikaletse, poopa malole. Sitinakaletse, ndipo sitinawauzenso amaiwo kuti mantha ao ndi opanda pake. Tinakagulira cisoti ca salaula ndi kagalasi kofiira ka kumbuyo.

Pa 3 June ndi tsiku la njinga pa dziko lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2018. A m'parishi mwathu tagwirizana kuti tsikulo tidzachova pamodzi, alimi, amalasha, amai osamalira odwala ndi kamnyamata kaja, kukapereka kalata kwa khansala wa dera lathu yopempha mahampu awiri ndi kanjira ka njinga pa mseu wopita kumsika. Mayi wa ku Kanyama uja wati amuna ao adzabwera, koma atatsitsa kaye masaka.