Likodzo si mankhwala a ziwengo

Ku Kachulu, pachilumba cha Chisi ndi m'minda ya mpunga ya ku Likangala, m'dera la nyanja ya Chilwa, ana amakula akusewera m'madzi momwe muli nkhono zofalitsa likodzo. Akatswiri apeza kuti ana otere ambiri amakhala ndi asilikali a m'magazi otchedwa IgE olimbana ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba, koma satuluka ziwengo. IgE amakhala pa maselo otchedwa mast, amene akaputidwa amatulutsa histamine yoyambitsa kuyabwa ndi kutupa. Nyongolotsi za likodzo, pofuna kukhalitsa m'thupi, zimachulukitsa maselo oletsa a mtundu wa T, ndipo iwo amatulutsa IL-10 yoziziritsa chitetezo. Palinso asilikali a IgG4 amene amagwira choputacho chisanafike pa IgE. Kafukufuku wa ku Lambaréné, ku Gabon, wofalitsidwa mu 2000, anapeza IL-10 yambiri ndi ziwengo zochepa mwa ana a likodzo.

Wina anganene kuti praziquantel, mankhwala a likodzo ogawidwa m'sukulu, akuchotsa chishango cha anawa. Ine ndikukana. Pazilumba za Koome m'nyanja ya Victoria, ku Uganda, midzi ina inalandira mankhwalawa pafupipafupi kwa zaka zitatu, ndipo matenda a ziwengo sanachuluke kuposa m'midzi inzake. Ngakhale akanachulukako, ziwengo ndi mphumu zili ndi mankhwala, pomwe mazira a likodzo amavulaza chikhodzodzo, impso ndi njira yoberekera ya atsikana, mwinanso kudzetsa khansa. Makolo a m'mphepete mwa Chilwa asabise ana tsiku la mankhwala.