Pakhonde la Katekisiti: Mantha a Kubweza Kalavani M'mbuyo

Nyengo ya masika ikafika, kuyambira mwezi wa June kufikira August, miseu ya kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi imadzaza ndi akatundu. Cimanga cimapita ku madepoti a FRA, thonje limapita kwa ogula, nshawa ndi mpendadzuwa nazo zimafuna msika. Mphatso za masika zimene Akristu apereka ziyenera kucoka ku miphakati ndi ku machalichi a kumidzi kuti zikafike ku parishi. Ndi nthawi yomweyinso pamene makomiti a zomangamanga amatuta mcenga ndi njerwa mvula isanabwere. Maparishi ena, makopaletivi ndi mabanja ena ali ndi vaneti, ndipo kuseri kwa nyumba kuli kalavani, ija ngolo ya mawilo awiri yokokedwa ndi galimoto. Koma tafunsani pa msonkhano kuti ndani angaikoke. Amuna ndi akazi amene ali ndi ziphaso zoyendetsera galimoto, ena a iwo kwa zaka makumi awiri, amangoyang'ana pansi. Mukawafunsa paseri amakuuzani kuti kupita kutsogolo sikubvuta. Cimene amaopa ndico kubwerera m'mbuyo anthu akupenya.

Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, koma zotsatira zake si zazing'ono. Kalavani imacita dzimbiri pamene vaneti ikusenzetsedwa katundu woposa mphamvu yake mpaka masipuling'i kuthyoka. Kwina, dalaivala akafika pa malo opanikiza amamasula kalavani nauza anyamata a kwaya kuti aikankhe ndi manja. Matumba khumi a makilogiramu 50 ndi makilogiramu 500. Pa malo otsetsereka pang'ono cabe palibe gulu la anyamata lingaimitse katundu wotere akayamba kuyenda yekha, ndipo phazi kapena mwendo wa mwana wa mwini ndiwo umalipira mantha a munthu wamkulu.

Ife sitinyoza mantha amenewa. Woyendetsa amene timamuopa kwambiri ndi uja amene saopa kanthu. Koma mantha ambiri amacokera pa kusadziwa cimene cikucitika kumbuyoko, ndipo cimeneco cingathe kufotokozedwa.

Galimoto ikamapita kutsogolo imakoka, ndipo kalavani imangotsatira monga mwana wa ng'ombe atsatira make. Ikamabwerera m'mbuyo imakankha, ndipo imakankhira pa malo amodzi okha, pa kampira kacitsulo kaja pamene ziwirizi zalumikizana. Mukapotoza ciwongolero kuti mbuyo ya galimoto ipite kumanja, imakankhira mutu wa kalavani kumanja, ndipo mcira wa kalavani umaloza kumanzere. Ndiye cifukwa cake manja amene anazolowera kubweza galimoto yokha amasokonezeka. Cinanso n'cakuti kalavani ikangoyamba kupatuka siibwerera yokha mumzera; imapitiriza kupatuka, ndipo mukacedwa kuiwongola imapindika mpaka kugunda m'nthiti mwa galimoto, kuphwanya nyali ndi kupinda mtanda wokokera.

Pano pali cinthu cimene cimatonthoza mtima. Tonse timaona magalimoto akuluakulu amene amakhota pa Katete kulowera ku Chanida, kudutsa malire pa Cassacatiza kupita ku Tete ndi ku doko la Beira. Timazizwa kuona dalaivala akulowetsa cinthu cacitali cotere cam'mbuyo pakati pa magalimoto ena awiri. Luso ali nalo ndithu, koma kutalika kwa kalavani yake kumamthandiza. Kalavani yaitali imapatuka pang'onopang'ono, ndipo munthu amapeza mpata woona ndi kukonza. Kakalavani kafupi ka pa parishi ndiko kouma mutu, kamatembenuka m'kuphethira kwa diso. Cotero amene kamubvuta asadziyese wopusa.

Njira imene madalaivala akale amaphunzitsa ndi iyi. Cotsani manja pamwamba pa ciwongolero, ndipo gwirani pansi pake ndi dzanja limodzi. Tsono kumene mufuna kuti mcira wa kalavani upite, sunthirani dzanjalo komweko: dzanja kumanzere, kalavani kumanzere, dzanja kumanja, kalavani kumanja. Mutu suyeneranso kuwerengera zotembenuza. Pofuna kubwerera molunjika, penyani magalasi onse awiri a m'mbali. Kalavani ikayamba kuonekera kwambiri m'galasi la kumanja, sunthirani dzanja kumanzere pang'ono, ndipo ikangobwerera pakati bwezani ciwongolero pamalo pake. Mau oti "pang'ono" ndiwo mwini nkhani. Ophunzira ambiri amapotoza kwambiri ndiponso mocedwa, pamene cofunika ndi kupotoza pang'ono koma msanga. Liwiro likhale la munthu woyenda pansi ndi ndodo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zikasokonekera, imani, pitani kutsogolo mamita atatu kapena anayi kufikira galimoto ndi kalavani zitawongoka, ndipo yambaninso. Palibe lamulo lonena kuti munthu alowe kamodzi kokha. Madalaivala a zaka zambiri amacita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo amatsikanso m'galimoto kukaona ndi maso ao ngati kumbuyo kuli citsa, dzenje kapena mwana. Wophunzira yekha ndiye amayesa kuti kutsika n'kocititsa manyazi.

Popeza kuno kwathu dalaivala amakhala ku dzanja lamanja, konzani kafikidwe kanu kuti pobweza kalavani ikhotere kumanja, kumene mungathe kuiona yonse pa windo. Kukhotera kumanzere kuli ngati kuyenda usiku wopanda mwezi. Ndipo ngati kalavani ndi yopapatiza moti siioneka m'magalasi, mangani timitengo tiwiri pa ngodya zake za kumbuyo, ndi kansaru koyera pamwamba pake.

Tinene za wothandiza, cifukwa apa ndi pamene mitima imapsera. Aliyense anaonapo zimene zimacitika pabwalo la chalichi Misa itatha. Galimoto ikangoyamba kubwerera, amuna asanu ndi awiri amasanduka aphunzitsi. Wina akuti "kumanzere," wina akuti "kumanja," wina akumenya bodi ndi cikhato, ndipo palibe wanena kuti kumanzere kwa yani. Munthu wamantha kale akamva phokoso lotere phazi limaterereka pa kilachi. Wothandiza akhale mmodzi. Mugwirizane musanayambe kuti iye aziloza ndi mkono kumene mcira wa kalavani uyenera kupita, ndi kuti akakweza cikhato ndiye kuti imani. Aimirire pambali pamene dalaivala akumuona m'galasi, osati kumbuyo kwenikweni kwa kalavani, ndipo asalowe konse pakati pa kalavani ndi galimoto kapena khoma. Akangosowa m'galasi, dalaivala aime pomwepo osafunsa. Ena onse nchito yao ikhale yogwira ana pamanja.

M'banja, kawirikawiri wothandizayo amakhala mai wa pakhomo, kapena bambo ngati oyendetsa ndi mai. Tamvapo mau otuluka pa windo la galimoto amene munthu sangawabwereze pamaso pa apongozi. Bambo, ngati simunawafotokozere amai zizindikiro, colakwa si cao. Ndipo amene amati nchito iyi si ya akazi anaiwala masisitere a m'mishoni amene akhala akuyendetsa magalimoto a zipatala m'miseu ya matope kuyambira kale.

Malo ophunzirira tili nao m'mudzi uliwonse: bwalo la mpira la pa sukulu, Loweruka m'mawa ana kulibe, mutapempha kwa aphunzitsi aakulu. Zikani mapesi a cimanga mizere iwiri ngati cipata. Mapesi mukawaponda salira. Tsiku loyamba phunzirani kubwerera molunjika mamita makumi awiri, basi. Tsiku lina muyese kukhota. Kalavani ikhale yopanda katundu poyamba, kenaka muikemo matumba angapo kuti mumve kusiyana kwake.

Tsono ngakhale anthu amaopa za m'mbuyo, ngozi zimene zimapha zimacitika popita kutsogolo, ndipo zambiri zimayambira pa kapakiridwe. Apa mlimi wa ngolo ya ng'ombe ndiye mphunzitsi wathu. Iye adziwa kuti akaunjika matumba kumbuyo kwa mawilo, mtanda umanyamuka ndipo goli limakoka ng'ombe kukhosi. Akaunjika kutsogolo kwambiri, goli limapsinja makosi ng'ombe n'kugwada. Kalavani ndi cimodzimodzi. Katundu wolemera akhale pamwamba pa mawilo ndi kutsogolo kwake pang'ono, kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse litsamire pa kampira ka galimoto. Mangani ndi zingwe kuti katundu asasendere kumbuyo pa mtunda. Kalavani yolemera kumcira imayamba kugwedezeka uku ndi uku liwiro likakwera, makamaka pa mseu waukulu wa Great East Road pamene basi kapena lole yakupitirirani ndi mphepo yake. Zikatero thupi limafuna kuponda mabuleki mwamphamvu ndi kulimbana ndi ciwongolero, koma zimenezo zimaonjezera kugwedezekako. Cotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, gwirani ciwongolero molunjika, liwiro litsike lokha. Mukapeza poima pabwino, tsikani mupakirenso katundu.

Makalavani ang'onoang'ono ambiri alibe mabuleki aoao. Mabuleki a vaneti ndiwo amaimitsa zonse ziwiri, motero mtunda woimira umatalika. Siyani danga lalikulu pakati pa inu ndi amene ali patsogolo, ndipo kumbukirani njinga zonyamula makala ndi ngolo za ng'ombe zimene zimayenda cakumadzulo popanda conyezimira ciliconse. Potsika mitunda ngati ya ku Vubwi lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsika, kuti injini igwire katundu mabuleki asatenthe. Pokhota tengani malo okwanira, cifukwa mawilo a kalavani amadula njira mkati mwa pamene padutsa mawilo a galimoto, ndipo m'mphepete mwa kamlatho ndi pamene amagwera.

Musananyamuke zungulirani kamodzi. Onani kuti cokolowekera cakhala bwino pa kampira ndipo catsekedwa ndi pini yake, osati msomali wopinda kapena waya. Macheni awiri acitetezo apingasane pansi pa mtanda, kuti cokolowekera cikamasuka mtandawo ugwere pa macheni m'malo mozika pansi. Wina aime kumbuyo aone ngati nyali za mabuleki ndi za kukhota zikuyaka. Matayala a kalavani yokhalitsa padzuwa amang'aluka m'mbali ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Mutayenda makilomita khumi, imani mugwire pakati pa wilo ndi dzanja. Pakatentha moti simungapirire, mabeyaring'i auma ndipo afuna girisi. Pa 25 July Mpingo umakumbukira Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, ndipo ambiri timakondwera kuti ansembe adalitse magalimoto athu. N'cabwino kwambiri. Koma madzi odalitsa sanapangidwe kuti alowe m'malo mwa girisi.

Za malamulo, bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za pamseu la caka ca 2002, ndilo limayang'anira ziphaso ndi kulembetsa magalimoto pamodzi ndi makalavani. Ciphaso wamba ca kalasi B cimalola kukoka kalavani yopepuka, yosaposa makilogiramu 750 pamodzi ndi katundu wake. Makilogiramu 750 ndi matumba 15, koma mukacotsapo kulemera kwa kalavani yeniyeniyo matumbawo amacepa. Komiti ya parishi ipite ku ofesi ya RTSA ku Chipata ikafunse za kalavani yao ndi za ciphaso ca amene aziikoka. Safunsa anadya phula.

Pali nkhani imodzi imene sitingaizembe ngakhale idzawawa ena. Kalavani ya katundu si ya anthu. Tidziwa bwino kubvuta kwa mayendedwe kumidzi. Pa maliro, pa ukwati, pa ulendo wa kwaya, ndiponso kumapeto kwa August pamene miyandamiyanda ya anthu ikupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kukalambira Kalonga Gawa Undi, n'kobvuta kuuza agogo kapena mai wa mwana kumsana kuti malo palibe pamene kalavani ili yopanda kanthu. Koma kalavani imadumpha pa bampu iliyonse kuposa galimoto, ilibe pogwira, ndipo dalaivala samva ngakhale okweramo akuwe. Munthu akagwa, kucokera kumidzi ya kutali kufika ku cipatala ca St Francis ndi ulendo wautali kwa wobvulala mutu. Ndi bwino kupita maulendo awiri, anthu adandaule za mafuta.

Pafupifupi m'parishi iliyonse muli mkulu wina amene anapuma pa nchito yoyendetsa malole kapena mathirakitala, ndipo amakhala pa benchi la kumbuyo osapatsidwa udindo uliwonse. Bungwe la parishi limupemphe Loweruka ziwiri kapena zitatu masika asanayambe, lisankhe anthu anayi a ziphaso, amuna ndi akazi, ligule malita ocepa a dizilo, ndipo apite ku bwalo la mpira ndi mtolo wa mapesi. Iye adzawaonetsanso zimene sitingathe kuzilemba pa pepala, monga kamvekedwe ka kalavani imene yatsala pang'ono kupindika, ndi kaikidwe ka miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo munthu asanamasule cokolowekera pa malo otsetsereka.