Kachipangizo koyezera pathupi kafike m'midzi ya ku Chiradzulu

Kachipangizo koyezera pathupi n'kochepa kuposa chala. Kakaviikidwa mu mkodzo kamafufuza homoni ya hCG, yomwe thupi limapanga mluza ukangokhazikika m'chiberekero, ndipo m'mphindi zochepa mizere iwiri imaoneka ngati mayi waima.

Kufunika kwake kukuonekera pa sikelo. Malangizo a WHO a 2016 amati mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, koyamba pasanathe masabata 12. Komatu kafukufuku wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 alionse amayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Ena amadikira kuti mimba ionekere, poti ulendo wa kuchipatala umadya ndalama.

Ku Chiradzulu, komwe bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV mu 2001 n'kuwafikitsa m'zipatala zazing'ono, kuchedwaku n'koopsa: mayi amene sadziwa kuti ali ndi HIV amachedwanso kuyamba mankhwala oteteza mwana.

Alangizi a zaumoyo amayenda kale m'midzi. Unduna wa Zaumoyo uyenera kuwapatsa tizipangizoti, ndi kuwaphunzitsa kusunga chinsinsi, chifukwa kwathu kuno mimba yaing'ono salengeza.